Loya akuti ndikaluza sindilipira, koma papepala pali 100% ndi 25%: ndisaine?

Mlongo wa ku Leicester:

Moni nonse, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku England. Ndili ndi mapepala a loya amene akungodikira kuti ndisaine, koma ndawawerenga mpaka mutu kuwawa osatolapo chenicheni. Paja safunsa anadya phula.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester. Chakumayambiriro kwa chaka chino ndinavulala phewa lakumanja ndili pantchito. Makina onyamulira odwala, aja a hoist, anali atafa kalekale, tinali titanena ku ofesi ndipo zinalembedwa m'buku. Usiku umenewo pansanjika yonse tinalipo awiri basi, agogo ena akufuna kuchimbudzi, ndiye tinangowanyamula pamanja. Anamupulumuka mnzanga, ine n'kuwawakha kuti asamenyetse mutu pansi. Agogowo sanavulale, koma ine ndinamva china chake chikuduka m'phewa. Kuchipatala anati mtsempha unang'ambika. Ndinakhala pakhomo miyezi ingapo ndikulandira tindalama ta sick pay, mashifiti owonjezera amene ndinkalipirira lendi onse anapita. Pano ndabwerera kuntchito, koma mkono sukwera kupitirira khutu. Ngakhale kuluka mwana tsitsi ndimachita kupumira.

Mnzanga wina anandipatsa nambala ya maloya aja a "no win no fee". Pafoni anayankhula mokoma kwambiri, amvekere mayi, mukaluza simulipira ngakhale khobidi. Kenako ananditumizira mapepala pa imelo, masamba ambirimbiri, pamwamba palembedwa Conditional Fee Agreement, pansi pali kabatani kosainira.

Pamene pandizunguza mutu ndi apa. Tsamba lina likuti success fee ndi 100%. Tsamba lotsatira likuti 25%. Penapake akunena za inshuwalansi ya ATE imene adzachotse pa ndalama zanga. Palinso ndime yoti ndikawasiya mlandu uli pakati ndidzalipira maola onse amene agwira, ndipo mtengo wa ola limodzi umene alembapo ukuposa zimene ine ndimapeza pa shifiti yonse ya usiku.

Ndiye ndithandizeni abale. 100% imeneyi ikutanthauza kuti ndikawina zonse n'zawo? Nanga ndikaluza, a kuntchito sadzandilipiritsa ndalama za maloya awo? Ndilinso ndi mantha kuti abwana akamva zoti ndawasumira, mashifiti anga adzayamba kuchepa. Maloyawo akungoimba mosalekeza kufunsa ngati ndasaina.

Achimwene a ku Luton:

Pepani ndi phewalo achemwali. Musasaine lero, ndipo mafoni awowo asakuthamangitseni. Mlandu wa kuvulala umafunika ulowe kukhoti pasanathe zaka zitatu chichitikireni ngozi, ndiye sabata imodzi yoti muwerenge modekha siwononga kanthu. Ndineneretu kuti ine si loya. Ndimagwira ntchito yowerengetsera mabilu mu ofesi ya maloya, moti mapepala ngati anuwo ndi amene ndimaswera nawo.

Manambala awiriwo sakutsutsana, kungoti akuwerengedwa pa ndalama ziwiri zosiyana.

Loya ali ndi malipiro ake a ntchito, a maola aja, papepalapo mupeza alemba basic charges kapena base costs. Mukaluza, amenewo salandira. Mukawina, gawo lina kapena onse amalipira ndi a mbali inayo. Ndiye poti pali milandu ina imene amavutika nayo chaka chathunthu n'kutuluka chimanjamanja, lamulo limamulola kuika bonasi pamwamba pa malipiro akewo pa milandu imene wawina. Bonasi imeneyo ndiye success fee. 100% mukuionayo ndi ya malipiro ake, osati ya chipukuta misozi chanu. Ngati ntchito yake yakwana £2,000, ndiye kuti akhoza kuikapo £2,000 ina. Kupitirira 100% lamulo limakana, kaya mlandu ndi wotani.

25% ndiwo malire amene amakutetezani inuyo. Kuyambira pa 1 April 2013, pa milandu ya kuvulala bonasi ija singapitirire 25% ya chipukuta misozi, ndipo msonkho wa VAT uli momwemo, sauikanso pamwamba. Komanso si 25% ya cheke chonse ayi. Amawerengera mbali ziwiri zokha: ndalama za ululu ndi kuvutika kumene, ndi ndalama zimene mwataya kale, monga malipiro a miyezi munakhala pakhomo ija. Ndalama za m'tsogolo, kaya zoti mudzalipirire physio chaka chamawa kapena zolowa m'malo mwa mashifiti amene simudzathanso kugwira, sizilowa m'chiwerengerocho. Ngati munalandirako ma benefit chifukwa cha kuvulalaku, amene nthambi ya DWP, unduna woona za ma benefit, yotchedwa Compensation Recovery Unit idzafune kuti abwezedwe, amenewonso amayamba achotsedwa kaye asanawerengere 25%.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mwapatsidwa £18,000: £8,000 ya ululu, £4,000 ya malipiro amene munataya, £6,000 ya m'tsogolo. Munthu wosadziwa angotenga kota ya £18,000, apeza £4,500. Zoona zake malire ndi kota ya £12,000, yomwe ndi £3,000. Ndipo amenewo ndi malire chabe. Ngati malipiro a loya anali £2,000, bonasi ya 100% ndi VAT yake ya 20% ikukwana £2,400, ndiye atenga £2,400, osati £3,000. Amatenga chochepa pa ziwirizo.

Tsopano zimene sakuuzani pafoni. 25% si mtengo umene boma linaika kuti aliyense azilipira. Maofesi ambiri amangoika 100% pa mlandu uliwonse, kuphatikiza ndi mtengo wa ola wokwera, podziwa kuti akatero bonasi idzagunda malire a 25% nthawi zonse. Chonsecho cholinga cha bonasi n'kulipira loya chifukwa choti akhoza kuluza. Mlandu wanu uli ndi makina akufa olembedwa m'buku, uli ndi mboni imene munali nayo usikuwo, uli ndi lipoti lachipatala. Kuopsa kwake kuli pati koti mpaka 100%? Nkhani ngati imeneyi inafika ku Court of Appeal mu 2019 pa mlandu wa Herbert. Mayiyo galimoto yake inagundidwa kumbuyo, mlandu wosavuta, koma maloya ake anaika 100% chifukwa ndi mmene ankachitira ndi aliyense. Khoti linati kuika bonasi osayang'ana kuopsa kwa mlanduwo n'chinthu chimene kasitomala ayenera kuuzidwa momveka kuti avomere akudziwa, ndipo 100% ija inatsika kufika pa 15%. Sindikuti nanunso ikhala 15%. Mlandu wa kuntchito uli ndi mikangano yake, adzati bwanji simunadikire thandizo, bwanji munanyamula pamanja mutaphunzitsidwa kuti n'zoletsedwa. Koma mtengowu ndi wonenerera, ndipo maloya alipo ambiri.

Chimene chimaliritsa anthu kwambiri ndi china. Malire a 25% amagwira bonasi yokha. Sagwira inshuwalansi ya ATE, komanso sagwira chimene kuofesi timati shortfall. Pa milandu yaing'ono ndi yapakati, mbali yoluza silipira maola onse a loya wanu, imalipira ndalama yoikika kale m'malamulo a khoti, ndipo kuyambira October 2023 dongosolo limeneli linafika pa milandu yambiri mpaka ya £100,000. Ndiye loya wanu atha kulemba maola okwana £7,000, a mbali inayo n'kumupatsa £3,000 basi. £4,000 yotsalayo, mapepala ena amamulola kuitenga pa chipukuta misozi chanu, pamwamba pa bonasi. Maofesi abwino amalemba poyera kuti zonse zimene adzachotse, bonasi, shortfall ndi VAT, sizidzapitirira 25%. Ena salemba dala. Fufuzani chiganizo chimenecho m'mapepala anuwo. Ngati palibe auzeni achiike, akakana asiyeni.

ATE ndi inshuwalansi yogulidwa ngozi itachitika kale. Mukaluza, imalipira zinthu zimene loya anakulipirirani kunja, monga lipoti la dokotala ndi ndalama yolembetsera mlandu kukhoti, komanso maloya a mbali inayo ngati khoti lalamula kuti muwalipire. Nthawi zambiri simulipira poyamba, amaichotsa mukawina, mukaluza imadzikwirira yokha. Si yoipa, koma afunseni mtengo wake m'mapaundi, asakuyankheni kuti tidzaona.

Za abwana: pafupifupi aliyense wolemba anthu ntchito kuno amakakamizidwa ndi lamulo kukhala ndi inshuwalansi ya antchito ovulala, ndiye amene mukulimbana naye kwenikweni ndi kampani ya inshuwalansi. Ndalama sizichoka m'thumba mwa manijala wanu. Komabe mitima ya anthu sitingaidziwe. Sungani ma rota anu akale ndi a panopa, kuti zikasintha mukhale ndi poonetsa.

Bambo a ku Salford:

Mayi, funso langa ndi limodzi: muli mu yuniyoni? Ngati munali membala wa UNISON, GMB kapena Unite pamene munkavulala, imbani kumeneko kaye musanayankhe maloya enawo. Mayuniyoni ali ndi maloya awo a milandu ya kuvulala pantchito, ndipo membala kawirikawiri amalandira chipukuta misozi chonse osadulidwa bonasi. Onaninso mapepala a inshuwalansi ya m'nyumba kapena ya galimoto ngati muli nayo. Ambirife timalipira kagawo ka legal expenses chaka ndi chaka osadziwa kuti tili nako. Loya wachilungamo amayenera kukufunsani zimenezi asanakutambasulireni Conditional Fee Agreement ija, mwachidule CFA. Ngati sanafunse, ine ndayamba kale kumukayikira.

Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene a ku Luton, chifukwa mudzakumana ndi mikhalakale ngati ine imene idzakuuzeni kuti ine loya sananditengere ngakhale paundi imodzi. Sakunama, koma akunena za nthawi ina. Ine phazi linathyoka mu warehouse cha m'ma 2010, pallet itandigwera, ndipo cheke ndinachilandira chathunthu. Nthawi imeneyo lamulo linali lina.

Migwirizano imeneyi inayamba kuloledwa mu 1995, kuchokera pa lamulo la 1990 la Courts and Legal Services Act. Mu April 2000 boma linachotsa legal aid, thandizo la boma lolipirira maloya, pa milandu yambiri ya kuvulala, n'kunena kuti bonasi ya loya ndi ATE azilipira ndi amene waluza mlandu. Kwa ife ovulala zinali zokoma. Kungoti poti sizinkachoka m'thumba mwathu, palibe wa ife amene ankafunsa kuti bonasi yakwereranji chonchi. Makampani a inshuwalansi, NHS ndi manyuzipepala analira kwambiri. Mlandu wa Naomi Campbell ndi nyuzipepala ya Daily Mirror unafika mpaka kukhoti la ufulu wa anthu ku Strasbourg, ndipo mu January 2011 linagamula kuti kulipiritsa nyuzipepalayo bonasi ya maloya a mayiyo kunaphwanya ufulu wolankhula. Apo n'kuti jaji wina, Lord Justice Jackson, atatulutsa kale lipoti lake mu January 2010 lonena kuti dongosololi lakweza mitengo ya milandu mopitirira muyeso. Mapeto ake ndi lamulo la LASPO la 2012, lija linayamba pa 1 April 2013: bonasi azilipira mwini mlandu. Pofuna kutipepesa anakweza ndalama za ululu ndi 10%, koma werengetsani nokha, 10% yowonjezera ndi 25% yochotsa sizingafanane. Odwala khansa ija yobwera ndi asbestos, mesothelioma, ndi amene mpaka lero akadali pa dongosolo lakale.

Ndipo ena amene mukuwerenga muli ndi nkhani ya kutha kwa banja kapena mlandu wa kupolisi, musatayepo nthawi, CFA siloledwa pa milandu imeneyo.

Mayi a ku Coventry:

Abambo inu mwayankhula zoona, koma musamuopseze mwanayu mpaka ayambe kuona loya aliyense ngati wakuba. Ine ndinagwa pamasitepe onyowa kuntchito, bondo linawonongeka. A inshuwalansi anakana kwamtuwagalu, ati panali chikwangwani chochenjeza, ndine ndinkathamanga. Loya wanga analimbana nawo nthawi yaitali, anafunafuna mboni imene inali itasamukira kale tauni ina, anawakakamiza kutulutsa buku la anthu okolopa lomwe linaonetsa kuti chikwangwanicho chinaikidwa ine nditagwa kale. Akanaluza sakanalandira kanthu pa ntchito yonseyo. 25% anaitenga ndipo ine sindinadandaule, chifukwa popanda iye ndikanapeza ziro.

Ndiye mwana wanga, nenerera, koma wotchipa kwambiri si ndiye wabwino. Afunse kuti fayilo yako adzaigwira ndani, ndi loya weniweni kapena wophunzira kumene, ndipo ukafuna kuyankhula naye uzimupeza bwanji. Phewa ngati lakolo lingathe kukuvuta zaka zambiri, ndipo ndalama yaikulu ili pa za m'tsogolozo, zomwe loya sapindulapo ndi bonasi. Wamphwayi angakuthamangitse kuti ulandire msanga dokotala asananene kuti phewalo lidzachira mpaka pati. Ukangolandira, mlandu watsekedwa, likadzayambanso kuwawa ulibe kobwerera.

Wa ku Glasgow:

Kungokumbutsa amene ali kuno ku Scotland: zonsezi ndi za England ndi Wales. Kuno malire athu ndi ena kuyambira April 2020. Pa milandu ya kuvulala loya angatenge mpaka 20% ya £100,000 yoyamba, 10% ya zotsatira mpaka £500,000, ndi 2.5% ya zopitirira pamenepo. Zikumveka zotsika kuposa 25%, koma kuno ndalama za m'tsogolo nthawi zambiri zimalowa nawo m'chiwerengero ngati zaperekedwa pakamodzi. Musatenge za mnzanu wa ku Birmingham n'kukakangana nazo ndi loya wa ku Edinburgh.

Mlongo wa ku Leicester:

Zikomo kwambiri nonse, mtima watsikako. Bambo a ku Salford, mu yuniyoni ndinalowa nditavulala kale, ndiye akuti za ngozi yochitika ndisanalowe sangandigwirire. Galimoto ndilibe, mapepala a inshuwalansi ya m'nyumba ndikuwafunafuna. Amayi a ku Coventry ndamva, sindithamanga.

Achimwene a ku Luton, ndafufuza tsamba ndi tsamba. Chiganizo choti zonse sizidzapitirira 25% palibe. Chimene chilipo chikuti ine ndi amene ndili ndi udindo wolipira basic charges zonse, iwo adzangoyesetsa kutenga zina kapena zonse kwa a mbali inayo. Ndawalembera imelo kuwafunsa kuti 100% aifika bwanji pa mlandu wanga, ATE ndi mapaundi angati, ndiponso ngati angalembe malire a zonse zochotsedwa. Chilembereni imeloyo mafoni aja asiya.

Pali china chimene sindinanene. Phewa lomweli linandiwawako zaka zapitazo ndili pantchito ina, ndinapita kwa dokotala wanga wa GP, anandipatsa mapilitsi, linasiya. Mnzanga anandipatsa nambala uja akuti ndisatchule, ati akangomva adzati sindinavulalire kwawo. Nditani pamenepa? Komanso funso langa lija loti ndikaluza ndidzalipira maloya awo kapena ayi, simunalimalize.

Achimwene a ku Luton:

Achemwali, mnzanuyo akukufunirani zabwino koma malangizo akewo akupwetekani. Tchulani. Mlandu ukangoyamba mudzasainira kuti mafayilo anu a kwa GP aonedwe, ndipo dokotala wolemba lipoti adzawawerenga onse, mapilitsi ajanso awapeza. Phewa lowawa kale silithetsa mlandu. Dokotala amangolekanitsa kuti ichi chinalipo, ichi chabwera ndi ngozi, mwina ndalama n'kutsikako pang'ono. Kubisa ndi kumene kumathetsa mlandu, ndipo apa ndi pamene mafunso anu awiriwo akukumana.

Kuyambira 2013 pali lamulo la khoti lotchedwa QOCS. Limati wovulala akasuma n'kuluza, a mbali inayo sangamulipiritse maloya awo kupitirira ndalama zimene iye wapeza pa mlanduwo. Mwaluza, simunapeze kanthu, simulipira kanthu. Koma chitetezo chimenechi chimachoka khoti likapeza kuti munanama pa chinthu chachikulu cha mlandu, chija amati fundamental dishonesty. Zikatero maloya awo mumawalipira kuchokera m'thumba mwanu, a ATE amakukanani, loya wanu yemwe amatembenuka n'kukutumizirani bilu yake chifukwa mwaphwanya mgwirizano. Ndipo gawo 57 la lamulo la 2015 la Criminal Justice and Courts Act limati ngakhale munavulaladi, khoti likapeza bodza lotere lithetse mlandu wonse, ndi mbali yoona yomwe, pokhapokha ngati kutero kungakhale kupanda chilungamo kwakukulu. A inshuwalansi amasuzumira ndi pa Facebook pomwe. Munthu wauza dokotala kuti mkono sukwera, kwinaku pali vidiyo akuvina paphwando manja ali m'mwamba. Musakokomeze, musachepetsenso. Ngati masiku ena phewalo limakhala bwinoko, muuzeni dokotalayo choncho.

Palinso msampha wina wosakhudza bodza, Part 36 offer. A inshuwalansi akhoza kulemba kuti tikupatsani £10,000, tithane. Muli ndi masiku 21 oganiza. Mukakana, n'kupita kukhoti, jaji n'kukupatsani £10,000 yomweyo kapena yochepera, maloya awo mumawalipira kuyambira pamene masiku 21 aja anathera, ndipo ndalamazo zimadya chipukuta misozi chanu, mwina mpaka kutha psiti. Apa ndi pamene ATE imaonetsa ntchito yake yeniyeni, koma imakutetezani ngati munakana motsatira malangizo a loya. Mukakana panokha loya atakuuzani kuti landirani, mapepala ambiri amamulola kukusiyani n'kukulipiritsani maola ake. Yang'anani ndime imeneyonso.

Ndime yosiya pakati ija ndi yachizolowezi, pafupifupi CFA iliyonse ili nayo, n'chifukwa chake nthawi yosankha bwino ndi ino musanasaine. Mukasainira pa intaneti kapena kunyumba kwanu, osati mu ofesi mwawo, muli ndi masiku 14 oti musinthe maganizo. Koma ngati munachonga kabokosi kowalola kuyamba ntchito nthawi yomweyo, akhoza kukulipiritsani zimene agwira m'masikuwo.

Poti muyamba kufunsanso maofesi ena, muziona mutu wa pepala. Pali mgwirizano wina wotchedwa DBA, umene loya amangotenga peresenti ya ndalama zanu mwachindunji. Malire ake ndi 25% pa kuvulala, 35% pa milandu ya ku employment tribunal, bwalo la mikangano ya kuntchito, 50% pa milandu ina. Ndautchula chifukwa za mashifiti zija zitati zafika poipa, umenewo ndi mlandu wina, pepala lina, ndipo nthawi yake yosumira ndi miyezi yowerengeka, osati zaka zitatu. Lowaninso pa webusaiti ya SRA, bungwe loyang'anira maloya, muone ngati ofesiyo ndi ya maloya enieni. Ena mwa oimba mafoniwa ndi makampani ongosonkhanitsa milandu n'kuipereka kwa maloya amene simunayankhulanepo nawo.

Mlandu ukadzatha musadzangolandira cheke, pemphani bilu yoonetsa ndalama iliyonse imene yachotsedwa, komanso zimene a mbali inayo alipira. Mukaona kuti adula mopitirira, dandaulani ku ofesi yawo kaye, ali ndi masabata 8 oti ayankhe. Kenako kuli Legal Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza maloya, ndi ulere, koma mufikeko pasanathe chaka chichitikireni vutolo kapena chidziwireni inu, komanso pasanathe miyezi 6 atakuyankhani komaliza. Njira ya kukhoti iliponso, pansi pa Solicitors Act ya 1974: mukapempha pasanathe mwezi mutalandira bilu, khoti liyenera kulamula kuti iunikidwe. Kungoti bilu ikapanda kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndalama za kuunikako nthawi zambiri mulipira ndinu. Ndiye pa mkangano wa mapaundi mahandiredi angapo ine ndingapite kwa Ombudsman, ndi zomwenso Court of Appeal inalangiza mu 2022 pa mlandu wa Belsner.

Za GP zija muwauze maloya amene muwasankhewo pa foni yoyamba yomwe, ndipo muzilembenso pa imelo kuti pakhale umboni woti munanena nokha. Awa akakuyankhani, kopani mawu enieni a chiganizo cha malirecho, kuchotsa dzina la ofesi, tione ngati ATE aiika mkati mwa 25% kapena kunja.